Manja a Evelina

Lachiwiri lija Jesinta anaweruka kuntchito cha m'ma folo koloko. Atafika pakhomo anapeza Ellen ataima pampopi wopanda chidebe m'manja. Zinamudabwitsa, chifukwa nthawi ngati imeneyo Ellen amakhala ali pasiteji ya maminibasi ndi ndowa yake ya mandasi. Sanapatsane n'komwe moni. Ellen anangomugwira pamkono n'kumuuza kuti asalowe kaye kwake, pali zoti aone.

Awiriwa ankakhala pamdadada umodzi ku Ndirande, chakumtunda kwa msika, nyumba za lendi zisanu zoyang'ana bwalo limodzi. Onse kwawo kunali ku Nsanje, onse anali Akatolika a mphakati umodzi. Jesinta ankalongedza sopo m'makatoni pafakitale ina ku Makata ndipo ankakhala yekha. Ellen anali ndi ana aamuna awiri, Rafaeli ndi Mavuto, omwe bambo wawo anapita ku Joni n'kuiwalako za kumudzi. Ankasunganso Evelina, mwana wa malemu mchimwene wake, wa zaka zisanu ndi zinayi.

M'nyumba mwa Ellen munali mdima, pazenera atatsekapo ndi katoni. Evelina anali gone pamphasa kuseri kwa nsalu yotchinga kuchipinda, manja onse awiri atakulungidwa m'zigamba za chitenje. Sankalira. Ankangopuma mofulumira, maso ali kudenga. Ellen anati mwanayo wagwera pambaula m'mawa.

Jesinta anagwada n'kuyamba kumasula zigambazo pang'onopang'ono, poti zinali zitamatirira. Khungu la zala linali litasupuka, ndipo pakati pa zalazo panali timibulu takuda ndi tabuluu touma gwa. Anakhudza kamodzi ndi chikhadabo. Inali pulasitiki ya jumbo yosungunuka. Chilonda chinalekezera malo amodzimodzi manja onse awiri, polumikizira dzanja ndi mkono, mzere wake wowongoka kuzungulira ngati pamene panadutsa chingwe.

"Asisi, mbaula siwotcha chonchi," anatero Jesinta.

Ellen anakhala pansi pafupi ndi thumba la ufa wa mandasi. Kenako anayamba kulankhula mosadukiza. Anati Evelina anayamba kalekale kutapa mandasi m'ndowa n'kumakagawira anzake kusukulu. Anamulangiza, anamukwapula, koma osasintha. M'mawa umenewo anyamata atanyamuka, anamupeza nawo ena atabisa m'chikwama cha mabuku. Anati iye amangofuna kumuopseza kuti asadzachitenso. Anamuveka majumbo m'manja, n'kumanga ndi linya, n'kuyatsa machesi kuti angomuonetsa. Moto unagwira nthawi yomweyo. Pamene ankamuviika manjawo m'ndowa yamadzi, pulasitiki inali itamatirira kale.

Jesinta anati anyamuke nthawi yomweyo, apite naye kuchipatala. Apo Ellen anagwa pansi n'kumugwira miyendo. Anati anesi akangoona manjawo adziwa, monga mmene iye wadziwiramu, ndipo aitana apolisi. Anafunsa kuti akamangidwa Rafaeli ndi Mavuto awasiyira ndani. Anakweza chitenje kuonetsa chipsera cha pamwendo pake, chimene anapsa ndi phala ali mwana, n'kunena kuti chinapola chokha kumudzi popanda dokotala aliyense. Anapempha masiku awiri okha.

Ellen sanatchule zimene iye anamuchitira Jesinta kale, ndipo panalibe chifukwa chotchulira. Mu 2003, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere, Jesinta anadwala mpaka kutsala mafupa okhaokha. Mwamuna wake anali atamwalira chaka chathacho, ndipo abale a mwamunayo anatenga katundu n'kusowa. Anthu a pamdadada anasiya kumubwereka ngakhale kapu. Ellen ndi amene anamukweza pawilibala kutsikira naye kumsewu. Anagona pansi pa bedi lake kuchipatala milungu isanu ndi iwiri, ali ndi pakati pa Mavuto, kumusambitsa, kumuchapira nsalu zimene anaziwonongera, kumumwetsa phala ndi supuni. Pamene dzina la Jesinta linalowa m'gulu la oyamba kulandira mankhwala, anali Ellen amene anamubereka kumsana kukaima naye pamzere. Zaka zinayi zinali zitadutsa, ndipo Jesinta sankatha kumeza m'bulu wake m'mawa osakumbukira zimenezo.

Anayang'ana mnzakeyo ali pansi, anayang'ana mwana uja, ndipo anavomera.

Anatsikira kumsika kukagula mankhwala opaka pabala a jivi, mabandeji ndi panado. Anawiritsa madzi amchere n'kutsuka zilondazo, Ellen atamugwira mwanayo mapewa. Timapulasitiki tina tinachoka, tina tinakana, ndipo anatisiya. Evelina analuma kolala ya diresi lake mpaka inanyowa yonse. Atatha kumumanga, mwanayo anayang'ana Jesinta n'kunena popanda womufunsa:

"Ndimakoleza moto ndiye ndinaterereka, ndinagwira makala ndi manja onse awiri."

Ananena mawuwo mwandondomeko, ngati mmene ana amayankhira mafunso a katekisimu. Jesinta anadziwa kuti wawaphunzitsidwa tsiku lonse. Anangomusisita pamutu.

Lachitatu m'mawa akupita kuntchito anakumana ndi mayi Asia, mkazi wa alandilodi, akusesa pabwalo. Mayiwo anati dzulo anamva Evelina akukuwa kwambiri, kuposa mmene amalirira akamakwapulidwa, ndipo lero sanamuone akupita kusukulu. Jesinta anati mwanayo wapsa pang'ono ndi mbaula, koma akupeza bwino. Bodzalo linatuluka mosavuta moti iye mwini anadabwa. Mayi Asia anati pepani, n'kupitiriza kusesa.

Tsiku limenelo manja anatupa. Lachinayi mabandeji anayamba kunyowa ndi madzi achikasu, ndipo zala ziwiri za dzanja lamanja zinasintha mtundu, n'kuyamba kuda kunsonga. Ellen anati ndi jivi amene akudetsa. Anali atamva kwa mayi wina kumsika kuti uchi umathandiza, ndiye anaupaka. Jesinta anakumbutsa kuti masiku awiri aja akwana. Ellen anati taonani kutupa kwayamba kuphwa, mawa kukacha zikhala bwino, ndipo Jesinta anayang'anitsitsa manjawo mpaka nayenso anayamba kuona ngati kutupa kwaphwadi. Madzulo a tsikulo anapita limodzi kumphakati. Anaimba, anamvera mawu, anapempherera odwala. Ellen anatchula dzina la Evelina m'pemphero ndipo onse anayankha.

Lachisanu Jesinta analowa m'nyumba mwa Ellen asanapite kuntchito. Fungo linamulandira pakhomo pomwe. Analidziwa fungo limenelo, analimva kuwodi kumene anagonekedwa kuja, kwa anthu amene ankagona pafupi ndi chitseko. Thupi la Evelina linali moto, milomo itauma. Ellen anali kalikiliki kukazinga mandasi panja, ndipo anati apita kukagulitsa m'mawa wokha, masana abwera ndi mankhwala a makapisozi kuchokera kwa munthu wina wodziwa. Jesinta sanatsutse. Anatenga chikwama chake n'kutsikira ku Makata.

Anagwira ntchito mpaka cha m'ma teni. Analakwitsa makatoni atatu, ndipo kapitawo atamufunsa ngati akudwala, iye anati eya. Anamupatsa chilolezo. Anakwera phiri lonse lija wapansi, mwina kuthamanga mwina kuyenda, ndipo atafika anapeza pakhomo pa Ellen pali loko. Anaitana pazenera. Mkati munalibe woyankha. Anaitananso, ndipo anamva kabuulo kakang'ono.

Anapita kwa a Abdula, alandilodi, amene ankasoka pamashini pakhonde pawo, n'kuwapempha hamala. Iwo anafunsa kuti wataya kiyi kapena. Jesinta anati ayi, m'nyumba mwa Ellen muli mwana wodwala kwambiri. Bambowo anadzuka okha n'kukazula chogwirira loko. Fungo litawapeza anabwerera m'mbuyo, n'kuitana akazi awo. Mayi Asia anabwera n'kumuona mwanayo. Anangomuyang'ana Jesinta kumaso, kenako anavula mpango wawo waukulu n'kumuthandiza kubereka.

Kuchipatala chaching'ono sanachedwe nawo. Atangomasula bandeji imodzi analemba kalata yowatumiza kuchipatala chachikulu. Kumeneko nesi wina wachikulire, wa magalasi omangirira ndi chingwe, anafunsa kuti mwanayo anapsa liti komanso ndi chiyani. Jesinta anati Lachiwiri, ndi mbaula. Nesiyo anafunsa Evelina, ndipo mwanayo, maso ali otseka, ananena mawu ake aja osaphonya ngakhale limodzi. Nesi anatenga kachitsulo kopanira n'kuchotsa kambulu kabuluu pakati pa zala, n'kukaika m'kambale kachitsulo patsogolo pa Jesinta.

"Mayi, ine ndagwira ntchito muno zaka makumi awiri," anatero. "Ndilemba zimene mwanenazo. Ndilembanso zimene ndaona."

Ellen anafika madzulo ndi phala m'fulasiki, atamva kwa mayi Asia. Anamukokera Jesinta kukhonde, kumene anthu odikirira odwala amayanika zovala, n'kumufunsa monong'ona zimene wawauza. Jesinta anati wanena za mbaula. Ellen anapumira m'mwamba, misozi ikutsika, n'kunena kuti ankadziwa kuti mnzake sangamutaye. Anati wachita bwino kuthyola chitseko, iyenso anali ataganiza zobwera naye. Kenako analowa, n'kukhala pambali pa bedi, n'kuyamba kumumwetsa Evelina phala. Mwanayo ankatsegula pakamwa nthawi iliyonse supuni ikafika.

Loweruka m'mawa anamutengera Evelina kufiyeta kukamuchita opaleshoni. Anatuluka masana atamudula zala zitatu za dzanja lamanja ndi ziwiri za lamanzere. Dokotala wake anali wachinyamata, wooneka wotopa. Poganiza kuti Jesinta ndiye mayi wa mwanayo, anamufotokozera kuti kupsako pakokha sikunali kodulitsa zala. Chimene chawononga ndi kuwola. Akanabwera naye tsiku loyamba, ngakhale lachiwiri, zala zonse zikanatsala, mwina zopindika koma zikanatsala. Sananene mokalipa. Anangonena n'kupita pabedi lotsatira.

Jesinta anatuluka panja n'kukakhala pakapinga pafupi ndi mpanda. Anakhala pamenepo nthawi yaitali. Lachiwiri lija anali atadziuza kuti choipa chachitika kale, iye sangachibweze, chomwe angathe n'kupulumutsa mnzake ndi ana ake awiri. Tsopano anaona kuti Lachiwiri zala zonse zinalipo. Iye mwini anazigwira, anazitsuka, anazipaka jivi. Anadzifunsanso za kumene Evelina adzapite akatuluka m'chipatala, ndipo yankho linali lodziwikiratu: m'nyumba yomwe ija, kuseri kwa nsalu yomwe ija, ndi manja osatha kugwira tsache kapena chidebe, pamaso pa munthu amene tsiku lililonse azidzaona m'manjamo zimene anachita. Jesinta ankamudziwa bwino Ellen. Anali munthu wotha kukupatsa chitenje chake chomaliza, komanso wotha kupsa mtima mpaka osaona.

Lamulungu Misa yoyamba itatha, Jesinta sanapite kuchipatala. Anabwerera kumdadada n'kumupeza Ellen akuchapa mayunifolomu a anyamata kuseri kwa nyumba. Anaima pafupi ndi beseni n'kumuuza kuti akupita kupolisi kukanena zonse, ndipo wabwera kuti amve kuchokera kwa iye, asamve kwa ena.

Ellen anasiya kuchapa. Thovu linali likutsika m'mikono mwake.

"Mwana uja ali kale kuchipatala, akuchira. Ndiye mukufunanso chiyani, asisi? Zala zija zimera ndikamangidwa?"

"Sizimera."

"Nanga?"

"Akatuluka abwerera muno. Ndipo akunenabe kuti anagwera pambaula. Adzakula akunena zimenezo chifukwa ine ndi inu tinamuuza kuti atero."

Ellen anapukuta manja pachitenje. Kwa nthawi yoyamba chiyambire, anatchula za wilibala ija. Sanakweze mawu. Anati pamene aliyense ankamudutsa Jesinta ngati galu wakufa, iye sanafunse kuti matendawo anawatenga bwanji. Anati anachapa zimene mayi wobereka yekha ndi amene amachapa. Anafunsa ngati Jesinta akanakhala ali moyo lero kuti aziyenda kupita kupolisi.

Jesinta anati zonsezo n'zoona, ndipo sadzaziiwala mpaka kufa. Anadikira kuti mwina mnzakeyo anenanso china. Ellen anawerama n'kupitiriza kuchapa.

Kupolisi anamulowetsa m'kachipinda ka nkhani za amayi ndi ana. Wapolisi wamkazi analemba zonse, ndipo atafika pa masiku atatu aja anaika cholembera pansi n'kufunsa ngati Jesinta akudziwa kuti zimene akunenazo zikhoza kumumangitsa nayenso. Iye anati akudziwa. Wapolisiyo ananena kuti kalata ya kuchipatala inali itafika kale, ndipo akanapita kukafufuza mkati mwa sabata, koma popanda mboni nkhani zotere zimavuta, chifukwa ana ambiri sasintha mawu.

Anakamutenga Ellen masana omwewo. Sanathawe, ngakhale anali ndi maola anayi oti akanatha kukwera basi ya ku Nsanje. Anamupeza atayanika zovala, atapinda zina n'kuziika m'chikwama cha anyamata, atakhala pakhonde ndi Mavuto pamiyendo. Rafaeli, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anathamangira galimoto ya polisi mpaka pamsewu waukulu, ndipo a Abdula ndi amene anakamubweza.

Mlandu unazengedwa patatha miyezi iwiri. Jesinta anaima m'bokosi la mboni n'kufotokoza zonse, Ellen ali potero atavala diresi limene anasoketsa limodzi pa Khirisimasi. Ellen anavomera mlandu. Anapempha kuti amuchitire chifundo chifukwa cha ana, ndipo anamulamula kukakhala kundende zaka zisanu ndi chimodzi. Jesinta sanaimbidwe mlandu, koma woweruza anamuuza pamaso pa anthu onse kuti mwa zala zisanu zimene mwanayo wataya, palibe ngakhale chimodzi chimene moto unachotsa.

Ku Ndirande nkhaniyo inagawa anthu. Amayi ena a mumphakati anasiya kumupatsa moni, ankati munthu amene anakutola kumanda sungamupereke chonchija, bwenzi atakambirana pachibale, mwana n'kumutumiza kwina. Ena, monga mayi Asia, sanamukhululukire chifukwa cha bodza la Lachitatu lija, ndipo ankati akanangonena mawu amodzi pabwalo paja iwo akanamunyamula mwanayo tsiku lomwelo. Jesinta sankayankha mbali iliyonse. Anasunga Rafaeli ndi Mavuto mpaka sukulu itatsekera. Mavuto ankadya n'kugona bwinobwino, koma Rafaeli ankakana chakudya chake n'kumakadya kwa alandilodi. Kenako kunabwera mlongo wa bambo wawo kuchokera ku Nsanje n'kuwatenga. Mayiyo sanalowe m'nyumba mwa Jesinta, anadikira panja kuti amutulutsire chikwama.

Kundende Jesinta anapitako kanayi. Ankanyamula shuga, sopo ndi nsomba zokazinga, n'kulembetsa dzina pageti. Ulendo uliwonse woyang'anira ankabwerera n'kunena kuti mkaidiyo wati sakumva bwino. Koma katunduyo Ellen ankalandira. Ulendo wachinayi woyang'anirayo anamuuza mwaulemu kuti asamadzivute ndi kudikira, azingosiya phukusi pageti.

Evelina sanamupereke kwa Jesinta, ngakhale anapempha. A zachisamaliro cha ana anati sizingatheke malinga ndi zimene zinanenedwa kukhoti, ndipo anamupititsa kunyumba ina ya ana amasiye yoyendetsedwa ndi masisitere, kunja kwa tawuni. Patapita chaka anamulola kukamuona. Anakwera maminibasi awiri Loweruka lina n'kukafika cha m'ma leveni. Sisitere wina anamutsogolera kukhonde la kalasi, kumene Evelina anali atakhala yekha pabenchi, atatalika, tsitsi atamumeta. Ankalemba m'kope, pensulo ataipanira pakati pa chala chachikulu ndi chaching'ono. Zilembo zake zinali zazikulu, zopendekeka, koma zowerengeka.

Anapatsana moni. Jesinta anatulutsa malalanje ndi mabisiketi, kenako anazindikira kuti malalanjewo mwanayo sangathe kusenda, ndiye anayamba kumusendera. Anamufunsa za sukulu, za chakudya, za anzake, ndipo Evelina ankayankha mwachidule, mwaulemu, maso ali pakope. Jesinta anali atakonza mawu opepesa ulendo wonse, koma atayamba, mwanayo anamudula.

"Anti Jesinta, kodi anti Ellen atuluka liti?"

Jesinta anamuyang'ana kumaso kuti aone ngati akufunsa chifukwa cha mantha kapena chifukwa chowasowa. Sanathe kudziwa. Anamuuza kuti kwatsala zaka zinayi, mwina zisanu. Evelina anagwedeza mutu, n'kutenga chidutswa cha lalanje ndi manja onse awiri. Belu la chakudya chamasana litalira anatseka kope, n'kutsanzika, n'kupita kukaima pamzere ndi anzake.